Galimoto Yopanda Pisitoni

Libuyu, Livingstone

Okondedwa Malume,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako. Ife kuno tilipo, ngakhale magetsi akumabwera mwa apo ndi apo.

Boma lachotsa msonkho pa magalimoto oyendera magetsi, ndiye abwana anga, Ba Muleya, agula awiri onyamulira alendo opita ku mathithi. Nditatsegula boneti, Malume, ndinangoima ndi sipanala m'manja. Mulibe pisitoni, mulibe pothira oyilo. Umakanika ndaugwira zaka makumi atatu, koma tsiku limenelo ndinasanduka mlendo m'galaja.

Ba Muleya anati, "Ba Aleki, ku kosi yophunzira kukonza magalimoto aya ku Lusaka kuzayenda banyamata. Imwe pumulani, ivi ni va bana."

Ndinawakumbutsa kuti atate anga anafika kuno asanaonepo sitima yapamtunda, koma anakalamba akuphunzitsa anzawo kuikonza. Ndinakakamira mpaka anandilemba dzina. Ndinyamuka Lolemba.

Zoti ndibwere kumudzi ndidzalime ndazimva, koma chaka chino ayi. Zija ananena adokotala zoti maso angawa akufooka, chonde musamuuze mkazi wanga Louisa mukamaimba foni. Sindinamufotokozere zonse. Mitundu ya mawaya ndikuisiyanitsabe.

Mupereke moni kwa onse pakhomopo.

Ine mwana wa mlongo wanu,
Aleki