Kapu ya ku Ariana, Ndowa ya Kumwamba

Tunis, 14 Epulo

Okondedwa achemwali anga a Naziha,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Hedi ndi ana kumeneko ku Lyon. Bondo lija lasiya kukuvutani? Kuno tonse tili bwino. Amayi ali gwa, akulimbanabe ndi amphaka a anthu oyandikana nafe. Mkazi wanga Sawsen akupereka moni, ndipo ndi iyeyo wandiumiriza kulemba, ati pa foni ndimangokamba za nyengo.

Ndiyambe ndi nkhani yokoma. Lachinayi lapitali adokotala andibwezera chiphaso changa, ndipo dzulo ndaulutsa ndege kupita ku Roma n'kubwerako.

Ndikukuonani mwadzidzimuka kale, mukufunsa kuti chinalandidwa liti. Khalani pansi, achemwali. Ndakhala ndikukunamizani miyezi isanu ndi iwiri.

Paja mukudziwa kuti ife oyendetsa ndege timapimidwa chaka chilichonse: maso, makutu, mtima, magazi, mpaka mkodzo m'kabotolo. Pamapeto pamabwera pepala la mafunso, ndipo limodzi limafunsa ngati ukugona bwino, ngati uli ndi chisoni kapena nkhawa yosatha. Kuntchito ambiri timachonga "ayi" tisanawerenge n'komwe. Anzanga amati kwa dokotala umatulutsa lilime, osati mtima.

Mu Seputembala ine ndinachonga "inde".

Munaona nokha pamaliro a Ababa. Ndinaima pakhomo masiku atatu kulandira anthu, osagwetsa msozi, aliyense n'kumati Mondher ndi mwamuna. Mwamuna wake uti! Itangopita sadaka ya masiku makumi anayi, tulo tinandithawa, chakudya chinasiya kukoma. Tsiku lina tili pamwamba pa nyanja, mnzanga woyendetsa naye anandifunsa kanthu kawiri konse, ine osamva, maganizo ali kumanda. Kumbuyo kwanga kunali anthu oposa zana. Mwamwayi palibe chinalakwika.

A Gharbi, dokotala wa kuntchito kwathu, mayi wamfupi wa magalasi aakulu amene wandipima zaka khumi, anayang'ana pepalalo, n'kuyang'ana ine, n'kufunsa ngati cholembera chaterereka. Nditati ayi, anatseka chitseko. Anati wobisa matenda maliro tidzamva, koma poti ine ndaulula, tiyambe ntchito. Chiphaso anachitsekera m'kabati, ndipo sanandilonjeze kuti chidzatulukamo. Ndinachita mantha, achemwali. Zaka makumi awiri ndili m'ndege, ntchito ina sindiidziwa.

Nanga Amayi ndikanawauza bwanji? Mukukumbukira zimene ankanena mwana wa a Zohra atapita kwa dokotala wa maganizo, kuti m'banjamo mwalowa misala, atsikana ake sadzakwatiwanso.

Ndiye Lachiwiri ndi Lachisanu lililonse ndinkavala yunifolomu, chipewa kumutu, chikwama m'manja, n'kutsika masitepe kupita pansi pamene amakhala Amayi. Amayi ali pakhomo ndi madzi awo, kuthira kumbuyo kwanga kuti ndikabwereko bwino, monga achitira chiyambire ulendo wanga woyamba. Ine n'kukhota pakona, kuvula jekete m'galimoto, ulendo wa kwa a Ridha, dokotala wa maganizo, ku Ariana konkuno. Mtunda wa mphindi makumi awiri basi.

Masabata atatu oyamba ndinkawauza a Ridha za mpira ndi za mitambo, iwo n'kumangogwedeza mutu. Sabata yachinayi anandifunsa dzina limene Ababa ankandiitana nalo ndili mwana. Paja ankati Njiwa, chifukwa cha kukwera padenga kuja. Ndinatsegula pakamwa kuti nditchule, m'malo mwake munatuluka kulira kwa ng'ombe. Ndinamaliza bokosi lonse la timapepala topukutira. Nditapepesa, anati ndisadzitame, sindine woyamba kulimaliza.

Ndikatuluka kumeneko njala inkandigwira yoopsa. Ndinkalowa m'kanyumba kodyera kapafupi, kulamula mbale ya lablabi, msuzi wotentha uja wa adyo wambiri, n'kukhala mpaka nthawi imene ndege ya ku Roma imatera. Kenako kunyumba, nkhope yotopa. Amayi akafunsa za ku Roma ndinkati kukuzizira. Inunso pa foni ndinkakuuzani zomwezo.

Mwezi watha anandiyesa. Pa kompyuta anandipatsa manambala oti ndiwakumbukire chobwerera m'mbuyo, madokotala awiri anandipanikiza ndi mafunso maola atatu, kenako ndinalowa m'makina ophunzirira kuyendetsa ndege aja, n'kundiyatsira moto wabodza pa injini kuti aone ngati mutu uli m'malo. Ndinadikira yankho masabata awiri. Sawsen ati ndinayenda pabalaza mpaka kapeti kutha.

Lachinayi a Gharbi anatsegula kabati ija, n'kusaina. Ndizikaonekera kwa iwo miyezi itatu iliyonse, ndipo kwa a Ridha sindisiya. Pondipatsa anati iwo ndi ana awo angakwere mosangalala ndege ya munthu wochonga zoona. Ndinatuluka ndikuseka ndekha mumsewu ngati wopenga weniweni.

Tsono mverani za dzulo. Ndavala, ndatsika, ndawapsompsona Amayi pamphumi, ndatembenuka. Ndinangomva khuthu! Nsapato, masokosi, buluku mpaka m'mawondo, zonse nyowe. Kucheuka, Amayi agwira ndowa yabuluu yochapira ija, ilibe kanthu.

Nditafunsa kuti chavuta n'chiyani, anati palibe, koma wopita ku Ariana kapu imamukwanira, wopita kumwamba ndiye wa ndowa.

Ndinayang'ana ndowayo. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kuti miyezi yonseyi ankatuluka ndi kakapu ka tiyi, ine osaona chifukwa cha manyazi.

Ndinawafunsa kuti anadziwa bwanji. Anaseka mpaka kugwira chitseko. Ati zaka makumi awiri sindinadyepo adyo tsiku la ulendo, kuchitira chifundo mnzanga wokhala naye pafupi, ndiye mwadzidzidzi ndizibwera ku Roma ndikununkha lablabi ngati woyendetsa takisi? Ati kodi anandibereka ndi aneba? Iwo anamufinya Sawsen sabata yachiwiri yomwe, n'kumulumbiritsa kuti asandiuze. Ndipo dzulo anadziwa kuti zatheka atandimva ndikuimba mluzu pometa ndevu.

Kenako anasiya kuseka. Anati za mwana wa a Zohra zija pakamwa pawo panalakwa, ndipo anapita kale kukapepesa ndi mbale ya makeke. Anatinso mwamuna amene ndinkakamulira kwa anthu achilendo iwonso amamulira, ulendo wina ndidzatsike masitepe tidzalire limodzi, kenako ndizipita kwa adokotala angawo. Tinalira pompo pakhomo, ine buluku likudontha. Ndinafika kubwalo la ndege nditavala buluku la suti ya ukwati.

Achemwali, ndikhululukireni chifukwa cha bodza langa. Koma ndili ndi pempho linanso. Munandiuza kuti mumaimbabe nambala ya Ababa kuti mungomva ikuitana, ine n'kusintha nkhani. Ndinalakwa. Inu munalira nokha kutali, opanda wokugwirani dzanja. Pezani munthu wolankhula naye kumeneko, musachite manyazi. Ngati mukuopa Amayi, dziwani kuti akudziwa kale.

Pa 3 Meyi andilemba ulendo wa ku Lyon, ndipo ndikhala ndi maola anayi. Mubwere kubwalo la ndege, tidzakhale pansi, mudzandiuze zonse. Za nyengo sindidzatchula.

Mulungu akusungeni nonse. Mundiperekere moni kwa a Hedi, kwa Yosra ndi Skander, ndi kwa azakhali a Beya mukawaona.

Mudzanditengereko masokosi ouma. Amayi agula ndowa ina, yaikulu kuposa ija.

Ndine mlongo wanu,
Mondher, Njiwa ya Ababa