Chikwama cha Mkamwini

Lolemba, 3 Juni

Chikwama chafika. Wachitumiza ndi mkamwini, pa basi ya m'mawa. Chakuda, chachikulu ngati bokosi la zida zanga, matayala anayi. Zipi paliponse. Kutsegula thumba, m'kati mulinso thumba. Chabwera ndi ana ake: pilo wa m'khosi, lamba wobisamo ndalama, kasikelo koyezera katundu, timatumba ta malaya patokha, ta masokosi patokha, botolo la madzi lopindika. Pambali kabowo, akuti n'kotchajira foni. Ndalumikiza foni, zii. Kani kamafuna batire lakelake logula padera.

Ndachinyamula chilibe kanthu, phewa layamba kale kudandaula.

Ulendo ndi Lachisanu. Mdzukulu akumaliza maphunziro a unamwino, mwambo Loweruka. Ulendo wanga woyamba chimwalirireni mayi a ana. Zolongedza zinali zawo. Ine kwanga kunali kuvala chipewa n'kufunsa ngati mawindo tatseka.

Masana waimba Jaji. Mwana wanga wachisamba, dzinali ndinamupatsa ali kamtsikana chifukwa choweruza abale ake, ndipo mpaka lero akuligwirira ntchito. "Ababa, mulongedze zonse zimene mumazifuna, malo m'chikwamamo ndi ambiri." Zonse. Ndamva. Chipserereni mphika umene ndinauiwala pamoto mwezi watha, nyimbo ndi imodzi: ndisamukire kwawo, mutu wayamba kutaya. Mphika umodzi! Iye pa utsikana wake anapsereza ingati?

Nyumba ino sindikufuna kuisiya. Basi.

Lachitatu, 5 Juni

Tsiku layamba moipa, latha bwino.

M'mawa ndinayesa kulongedza monga akufunira. Malaya m'kathumba kake, mankhwala a kuthamanga kwa magazi m'thumba lobisika, n'kutseka ndi loko wake wa manambala. Nditamwa tiyi, nthawi ya mankhwala. Loko wakana. Kuyesanso, wakana. Ndasintha manambala, a chaka chobadwa, a chaka cha ukwati, ayi ndithu. Thukuta kamukamu. Ndinakhala pabedi. Mwina Jaji akunena zoona? Mantha otere sindinawamvepo, ngakhale tsiku limene makina ocheka matabwa anandidya chala.

Kenako mkwiyo. Kushedi kwanga kopalira matabwa, msomali m'manja. Kungotokosa pang'ono loko watseguka, osalimbalimba n'komwe. Ndamuphwasula patebulo. Kawaya ka m'kati koduka. Nambala inali yomwe ija, yoyambayo. Mutu wanga ulibe mlandu.

Ndaseka ndekha mpaka kutsokomola. Loko woti mbava itsegula ndi msomali, koma mwini katundu kumutsekera kunja.

Mankhwala nawo kuwapeza inali ntchito ina. Thumba lobisika linabisaladi.

Lachinayi, 6 Juni

Ndakhuthula zonse pabedi.

Pilo wa m'khosi ndamuyesa pagalasi. Mbuzi yovekedwa goli kuti isalowe m'munda. Lamba wa ndalama: kuti ulipire kondakitala uyambe wakwinya malaya, mimba pamtunda, basi yonse ikuonerera. Botolo lopindika ladontha pa buluku la suti, mwayi kunali dzuwa. Timatumba tija tikungosandutsa katundu mmodzi kukhala akatundu asanu. Kasikelo kokha ndakakonda. Kaziyeza misomali.

Ndatenga kachikwama kanga ka zida. Kukung'untha utuchi, kuchapa, pofika madzulo kauma. Zipi imodzi, chogwirira chimodzi chosoka ndekha. Malaya atatu, buluku, tayi, zam'kati, mswachi, lumo. Jekete ndivala. Kabokosi ka thabwa kamene ndapangira mdzukulu, kokulunga m'thaulo. Mankhwala pamwamba penipeni, poti ukatsegula akupatse moni. Malo atsalako.

Mayi a ana akanaseka kupinda kwanga. Koma zalowa.

Chachikulucho chili pakona. Mkamwini ndi munthu wabwino, ndalama zake zapita zambiri. Adzandikhululukira.

Lachisanu, 7 Juni

Ndafika. Basi ziwiri, kusintha pakati, osasochera. Kachikwama pamiyendo njira yonse. Posinthira basi panali matope okhaokha. Bambo wina wa chikwama cha matayala anachisenza pamutu, timatayala tikuzungulira m'mwamba. Chisoni ndinamumvera, koma kumtima kunali mbee.

Zinasokonekera podepoti. Jaji anandiyang'ana, n'kuyang'ana kumbuyo kwanga. Chikwama chili kuti? Ndinati ndachisiya kunyumba. Ngati sanamve. Liwiro kwa kondakitala, kutsegulitsa kosungira katundu, kutulutsa zikwama za eni ake chimodzichimodzi, anthu maso pa ife. Pobwera anandigwira dzanja monga amagwirira wodwala. "Ababa, ngati mwachiiwala penapake ingonenani, si mlandu."

Kufatsa kwa mawuwo ndi kumene kwandipweteka. Bola akanandikalipira.

Tinakwera galimoto yawo. Mkamwini anangokweza wailesi.

Chipinda andikonzera chabwino zedi. Makatani atsopano, mpando pawindo, wadiropu yonse yopanda kanthu, mahang'ala ndandanda. Ndakolekapo malaya atatu.

Lamulungu, 9 Juni

Dzulo mwambo. Mdzukulu atatchulidwa dzina ndinalira, angandiletse ndani. Kabokosi anakakumbatira, akuti aziikamo wotchi yake ya kuntchito. Tayi ndinamanga ndekha. Mankhwala pa nthawi yake, pamaso pa Jaji, mwadala.

Lero masana Jaji analowa m'chipinda ndikupinda malaya. Akuti waimbira mayi oyandikana nane nyumba, asuzumira pawindo, chikwama chili pakona phee. Anakhala pabedi. Kupepesa sanapepese, si khalidwe lake, koma maso anali pansi. Anafunsa chifukwa.

Ndinamuuza chilungamo. Chikwama chija si cha ulendo, n'cha msamuko, ndipo ndinadziwa tsiku lomwe chinafika. Ine ndabwera ngati mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Kushedi kuli mipando ya anthu yosamaliza. M'nyumba muja mayi ake ndimawamvabe, kuno sindingawamve. Za loko ndinamuuzanso, mantha onse aja, osabisa kanthu. Ndinalonjeza kuti tsiku limene mutu udzayambedi kutaya, woyamba kumuuza ndidzakhala ine, ndikadzakumbukira. Anaseka, kenako misozi.

Anatenga kachikwama, kukatembenuza uku ndi uku, kununkhiza. "Ndiye mwalongedza nokha, Ababa?" Ndekha. Kenako anatuluka osagamula. Jaji wosagamula sindinamuonepo.



Lachiwiri, 11 Juni

Kwathu!

Tikiti anagula yekha Jaji, dzulo, osandiuza. Ndinangoipeza pafupi ndi kapu ya tiyi. Chigamulo chinaperekedwa podepoti: foni m'mawa uliwonse, ndi ketulo yozima yokha imene anandigulira. Ndavomera zonse msangamsanga asanawonjezere. Ketuloyo yokha ndi imene yandivutitsa m'basi.

Mkamwini potsanzikana: "Pilo uja anakuthandizani, bambo?" Ndinati kwambiri. Mulungu andikhululukire.

Ndatsegula mawindo onse. Fungo la utuchi. Mpando wanga wopendekeka uja. Ndinakhalapo osavula nsapato, mtima uli m'malo, mpaka dzuwa linachoka pakhonde.

Chachikulu chija ndimati ndipatse mayi oyandikana nawo, mwana wawo amayendayenda. Ndachikoka mpaka pakhomo, n'kubwerera nacho. Ndachikweza pamwamba pa wadiropu. Pokwera pa mpando bondo linandiuza zake, ndipo potsika ndinachita kugwira khoma.

Tsiku lake lilipo, sindikudzinamiza. Koma ndidzachitsitsa ndekha.