Chingwe Chosamaliza cha Bambo

Lolemba, 3 Novembala

Kanjira kasimenti kotsikira pakhomo kang'ambikanso pakati. Njinga ya olumala ya bambo singadutsepo, ndiye angobindikira m'chipinda, maso kudenga. Chiwagwireni sitiroko, chowasangalatsa chinatsala chimodzi, kuwothera dzuwa pabwalo.

Mmisiri akuti simenti ilibe mlandu, vuto ndi makande ali pansipo. Mvula ikagwa amafufuma, kukauma amang'aluka. Akuti tikumbe, dothilo tisakanize ndi laimu ndi khonje woduladula kuti ligwirane, tisinje, simenti ibwere pamwamba. Zonsezi mvula isanayambe.

Lachitatu, 5 Novembala

Laimu wapezeka. Khonje ayi. Msika wonse zingwe zapulasitiki zokhazokha.

Lachinayi, 6 Novembala

Achimwene akuti nanga zingwe zakhonje zili kuseri kwa chitseko zija? Kuyankhula savutika achimwene, koma wokafunsa ndine.

N'zomaliza zimene bambo anapota asanadwale. Chimodzi chinathera panjira, ndipo amati adzachimaliza dzanja likachira. Tonse timavomera, adokotala okha ndi amene sanavomerepo.

Ndawafunsa bambo za zingwezo. Atembenukira kukhoma. Ndatuluka ndi manyazi ngati ndagwidwa ndikuba.

Loweruka, 8 Novembala

Kunja kwayamba kuda mitambo. Dzenje takumba, likungodikira. Ine ndi achimwene tinayesa kuwanyamula bambo kupita nawo pabwalo, anakana, akuti iwo si thumba. Chakudya angotola pang'ono. Anandiuza nditseke katani.

Ndikuopa. Munthu akhoza kutithera m'chipindamu tikuona.

Lamulungu, 9 Novembala

Bambo angoyang'ana kukhoma tsiku lonse.

Lolemba, 10 Novembala

M'mawa andiitana okha. Akuti ndibweretse chosamaliza chija.

Ndachiika pamiyendo pawo. Anyamula dzanja lamanja ndi lamanzere, aligoneka pachingwepo, n'kumaliyang'ana. Ayesa kufumbata. Zala sizinasunthe n'komwe. Ayesanso mpaka thukuta pamphumi. Ine ndimangopinda bulangete lopindapinda kale, misozi ili m'maso.

Kenako apanikiza chingwecho ndi chigongono, ayamba kuchimasula ndi dzanja lamanzere, luzi ndi luzi. Ndinati ndiwathandize, andikankha.

"Mmisiri wakoyo akufuna wotalika bwanji?"

Ndawaonetsa chala changa.

"Katenge mpeni. Utsegulenso katani, sindikuona bwino."