Kunsi kwa Pomwe Amayi Amagona

Loweruka, Disembala 2005, Beech Grove

Lero kwazizira koopsa, ndipo mtima wanga suli m'malo.

Chimwalirire bambo, amayi sagona pabedi. Chibwerere kuchokera ku Ntcheu amayala bulangeti pansi, m'kachipinda koyandikana ndi chitseko cha ku galaja, malo ozizira kwambiri m'nyumba muno. Chifuwa chawayambanso. Ndikawadandaulira amangoti, "Mwanawe, nthawi yake sinakwane."

Anatseka mpata wa kunsi kwa chitseko ndi chitenje. A Mwale, mnzanga wa ku South Bend wodziwa zomangamanga, atachiona anachichotsa. "Achimwene, chitseko ichi n'chotchinga moto ukabuka ku galaja. Nsalu pamenepa ayi. Ikani mpira wake wotsekera mpatawo, ndipo kuzizirako mukutseke chakunsi kwa nyumba."

Ndiye masana ndinakwawira mumpata wa kunsi kwa nyumba ndi tochi, n'kumakanikiza insuleshoni, yonga thonje yotchinga kuzizira, pakati pa matabwa a pansi pa kachipindako. Imayabwa ngati chitedze. Nditafika kunsi kwenikweni kwa pomwe amagona, ndinamva mawu. Amayi amalankhula ndi malemu bambo. Amawauza za chipale chofewa, za adzukulu oyankha m'Chizungu, ndiponso kuti ine ndaonda koma mpaka pano sindinalire maliro awo.

Ndinagona chagada pafumbi, chidutswa chomaliza chili m'manja, ndipo ndinalira pomwepo. Kenako ndinachikanikiza m'malo mwake, mawu aja n'kuzimiririka.

Madzulo ano amayi aponda pansi opanda nsapato, n'kunena kuti, "Pafunda."

Pafundadi. Chikundiwawa n'chakuti ndinafulumira kutseka. Anali asanamalize kuwauza za ine.