Anadzawerenga mavoti pa maliro anu

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumeneko?

Kuno kutsidya kwa nyanja, ku Oshawa, chisanu chatha, mawondo anga ayambanso kundimvera. Mdzukulu wanu Tadala wabereka mwana wamkazi. Mphuno ndi yanu, ukalinso ukuoneka kuti ndi wanu. Kumudzi akuti chimanga chachita bwino kudimba kokha.

Dzana ndikuchokera ku shifiti, mayi wina anandiimbira foni kufunsa amene ndidzamuvotere. Akuti ndi kafukufuku, amafunsa anthu ochepa n'kudziwa mtima wa dziko lonse. Ndinaseka mpaka anadula. Ntchito imene inu munkagwira ulere, kuno anthu amaipitira ku koleji.

Mukumukumbuka phungu wathu uja, mmene ankaimikira galimoto pachigayo panu kudzafunsa ngati zinthu zili bwino? Iye ankawerenga nsalu za chipani zimene wagawa ndi mitu ya anthu pamsonkhano. Inu munkayang'ana gule. Munkati, "Mzimayi akavina ndi mapazi okha, chiuno chili phee, voti yapita kale kwina." Zisankho ziwiri munamulosera zabwino, ankakutchani mayi ake. Chachitatu munamuuza kuti azimayi akungovinira nsalu, agwa basi. Anakutchani kazitape pa chimkuzamawu, anthu n'kuyamba kuopa kudzagayitsa kwa inu, chigayo n'kutsekedwa. Anagwadi. Pepani wake mpaka lero akadali panjira.

Maliro anu ndinawaonera pa foni, mundikhululukire. Koma phungu uja ndinamuona atakhala kutsogolo, maso osati pa bokosi, koma pa anthu: uyu wandipatsa moni ndi manja awiri, uyu wayang'ana kumbali. Akufuna kuimanso, ndiye anabwera kudzayesa madzi pa mtembo wanu.

Nkhani yeniyeni nayi. Amalume, alongo anu, avomera kuti bambo ameneyo adzalankhule tsiku lovundukula chiliza chanu, poti walonjeza matenti ndi mipando. Ati iyeyo akufuna aone ngati mudzi unamukhululukira. Ndawakanira. Iwo akuti chisanu chandiwumitsa mutu, ndipo masiku ano foni yanga sakuyankha. Mukakumana nawo kutulo, muwakoke khutu pang'ono.

Tchuthi ndapempha, andipatsa masabata awiri, tikiti ndagula. Mwina ine ndi amalume sitidzalankhulananso, ndipo zikundipweteka, chifukwa mwa abale anu atsala ndi iwo okha. Komabe ndikulonjeza, Amayi: tidzakhala pansi, padzuwa, koma bambo ameneyo sadzatsegula pakamwa pamanda panu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinala