Bulangeti la Amayi pa Kompyuta

Wokondedwa mlongo wanga Esinati,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu ku Joniko. Kuno ku Lobi tadzuka bwino, ndipo chifuwa cha amayi chija chatha, kungoti Juni wa chaka chino wazizira zedi.

Kompyuta yakale unatisiyira ija inatiopseza sabata yatha. Ndikati ndiizimitse, inkatulutsa uthenga wa Chingerezi wonena za memole, kenako n'kungouma osazima. Amayi mtima unali m'mwamba, poti nyimbo zimene malemu abambo ankaimba kukwaya zili momwemo, ndipo amazimvetsera Lamulungu lililonse.

Loweruka ndinaitana a Mbewe, aphunzitsi a makompyuta a ku Linthipe. Atangolowa n'kuona kompyutayo anafunsa kuti, "Waifunditsa bulangetili ndani?"

"Ndine," anayankha amayi. "Kukuzizira chonchi, chinthu cha mwana wanga chikhale chosafunda?"

Kani chiyambire Meyi akhala akuifunditsa ngakhale ili yoyaka, mpweya osalowa, mkati n'kumatentha. A Mbewe anaitsegula, anauzira fumbi, anazula kachitsulo ka memole, kothandiza kompyuta kukumbukira zinthu, n'kukabwezeretsa bwinobwino. Titayesa, inazima yokha popanda uthenga uja. Titaiyatsanso abambo anaimba, amayi n'kumapolokozana nawo mpaka misozi ya chimwemwe.

Ukamabwera Disembala utigulireko fulashi, tisungenso nyimbozi pena. Bulangeti lija amayi akumafunda okha akamamvetsera, akuti abambo aziimba, iwo azimva kutentha.

Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mlongo wako,
Yohane