Bulauni, Wakuda, Bulauni

9 Ogasiti

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino kwa achemwali kumeneko, ndipo mwendo uja wasiya kuvuta. Kuno ntchito ikuyenda.

Makalata anga atatu simunayankhe, ndipo sindikudandaula. Ino ndi ya ampulifaya yokweza mawu ya kwaya ija, imene inakutulutsani m'shopu yanu yomwe.

Mukukumbukira kuti nditabwera kusukulu ya zamagetsi ndinatseka zenera ndi mashelefu, n'kupachika babu la chikasu pamwamba pa tebulo. Inu munkangotenga rezisita iliyonse, kanthu kochepa ngati njere ya mpunga, n'kupita nayo pakhomo kukawerenga mizere yake padzuwa. Ine ndinkaseka ndi atelala oyandikana nafe aja, n'kumati, "Madala maso atha, akukafunsa dzuwa."

Tsiku lina m'botolo losungira a nambala 100 ndinapezamo marezisita amene ine ndinaona kuti mizere yake ndi bulauni, wakuda, wofiira. Munandiphunzitsa ndinu: bulauni ndi wani, wakuda ndi ziro, mzere wachitatu umanena maziro owonjezera. Wofiira ndi maziro awiri, ndiye kuti 1,000. Ndinawasamutsira m'botolo la ma 1,000 mwakachetechete, ndikudziona ngati mwana wabwino wobisa manyazi a bambo ake. Imodzi mwa iwo ndinaiika mu ampulifaya ija pamalo pofunika ya 1,000, n'kufuka utsi pamaso pa mkulu wa kwaya.

Mawu amene ndinanena akundiwotchabe m'kamwa. Ndinati, "Pepani akulu, madalawa ndi amene akusokoneza mabotolo. Bulauni ndi wofiira sakusiyanitsanso." Inu munangovula apuloni, n'kuipachika pamsomali, n'kuti, "Chabwino, amisiri." Sabata yomweyo ndinakukwezani basi, ndikuuza achemwali kuti mukufunika kupuma.

Lachiwiri lapitali magetsi anazima masana ndili pakati pa ntchito. Ndinanyamula botolo la ma 1,000 lija kupita nalo pakhomo, ndinakhala pakampando kanu. Bambo, ndinatenga imodzi n'kuiyang'ana padzuwa. Bulauni, wakuda, bulauni. Ziro mmodzi, 100 ndendende, monga munaikira. Ndinakhuthulira onse m'dzanja, imodziimodzi, mwa amene ndinasamutsa aja wofiira osapezekamo. Babu langa lija ndi limene linkafiiritsa bulauni. Mita yoyezera inali m'dirowa masiku onsewa, koma amati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Ine yanga ndinamanga yopanda zenera.

Atelala atandiona anasiya makina, n'kufuula, "Kodi lero ndinu mukufunsa dzuwa, amisiri? Lakuuzani chiyani?" Ndinasowa pobisa nkhope.

Mashelefu aja ndagwetsa, zenera latseguka. Dzulo ndinapita kumene kwaya imaphunzirira nyimbo, ndinaima kutsogolo n'kuwauza onse kuti wolakwa ndinali ine. Mayi wina anafunsa kuti, "Nanga eniakewo mwawauza?" Ndiye ndikukuuzani tsopano. Ndinakuyalutsani pagulu, ndinakuchotsani pa ntchito ya moyo wanu wonse chifukwa cha khungu langa. Ndili ndi manyazi, Bambo, ndikhululukireni. Mukalola, ndibwera kudzakutengani Loweruka. Apuloni yanu ikadali pamsomali, sindinaikhudze. Mukakana, ndimvetsa.

Mupereke moni kwa achemwali ndi alamu. Mpongozi wanu akuti kampando kaja wakakonza mwendo umene unkagwedera.

Makalata atatu aja ndinkalemba zilembo zikuluzikulu ngati ndikulembera mwana woyamba sukulu, ndikumati ndikukuthandizani. Ino ndalemba tizilembo tating'ono, monga ndimalembera masiku onse. Ndikudziwa kuti muiwerenga nokha.

Ndine mwana wanu,
amene munamutcha amisiri